Kajuzi ka Kabokosi ka Tiwonge

Nyumba yanga ili m'mbali mwa mseu wa fumbi. Ngolo ikadutsa, kapena thilaki ya thonje, fumbi limalowa mpaka m'makapu. Ndiye ine chilichonse chofunika ndimachivundikila. Wailesi ili ndi nsalu yake, batili ya sola ili ndi yake, Baibulo nalonso. Amai anga anachoka ku Tete nthawi ya nkhondo atasenza makina osokela pamutu, ndipo makinawo akusokabe mpaka lelo chifukwa sanakhalepo tsiku limodzi osavundikila. Ndi mmene ndinakulila. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamva zimene ndinachita musafulumile kunena kuti Margarida ndi chitsilu.

Mwana wanga Tiwonge anamaliza kosi ya makompyuta chaka chatha. Ntchito yeniyeni sanaipeze. Ankakhala ku Petauke kwa mnzake, n'kumataipila anthu makalata m'kasitolo ka fotokope. Kuno ku Nyalugwe ankafika Loweluka dzuwa litakwela, n'kubwelela Lolemba m'mamawa. Mlamu wanga Doris wa ku Lusaka anali atamuitana kale kuti akamlelele ana, ndipo Tiwonge anandiuza kuti ikafika Disembala palibe chasintha, apita. Ine ndimawadziwa atsikana amene anapita kukalela ana a achibale ku Lusaka. Amabwelako patapita zaka zisanu, chikwama chimodzi m'manja, khanda kumsana, satifiketi itadyedwa ndi mphemvu.

Bungwe lina la ku Petauke lothandiza masukulu linali litabweleka sukulu yathu matabuleti makumi awili. Koma kuno netiweki timaipeza pokwela pachulu, ndiye matabuletiwo ankangogona m'katoni. Tiwonge anapita kukauza a bungwewo kuti angathe kupanga kanthu kosunga mabuku, mapepala a mayeso akale ndi mavidiyo a maphunzilo, matabuleti n'kumawelenga kuchokela kwa iko popanda netiweki. Anamuuza kuti ayese. Akadzakaona kakugwila ntchito, adzamlemba ntchito yoika tinthu totelo m'masukulu ena. Tsiku lodzaona analiika Lachisanu lomaliza la Okutobala.

Kanthuko anabwela nako kumapeto kwa Seputembala. Ine ndinkayembekeza kompyuta ngati za ku banki, ya galasi ndi mabatani. Iye anatulutsa m'chikwama kabokosi kakuda kolingana ndi sopo wosambila, ka timabowo pamwamba ndi m'mbali. Atatsegula, munali kathabwa kamodzi kobiliwila ndi tizitsulo tomatilila, basi. Ati kompyuta yonse ndi imeneyo. Kusukulu kulibe sola, ndipo chitseko cha ofesi amamanga ndi waya, ndiye kanayenela kukhala kwanga, pamwamba pa kabati ya mbale. Ana azibwela ndi matabuleti kudzakhala pansi pa mango kuseli kwa nyumba.

Funso langa linali limodzi, loti kazidya magetsi ochuluka bwanji. Batili yanga ndi imodzi, ndipo ndi yomweyo ya wailesi, ya mababu awili, ndi ya mafoni a theka la mudzi uno.

"Kamadya ngati babu lanu limodzi, amama," anatelo. "Kakalimbikila kwambili, mawati asanu. Kakangokhala, awili kapena atatu. Wailesi yanu ija mukaikweza pa nyimbo za Sondo imakaposa."

Anafotokoza zambili, zoti ubongo wake ndi wa mtundu wa m'mafoni, ati ARM, n'chifukwa chake sikafuna magetsi ambili ndipo kalibe chopemelela mphepo ngati makompyuta aakulu. Ine ndinali kusankha nyemba, ndinamva theka. Chimene ndinagwila ndi malamulo awili: ndisakazimitse, ndisakasunthe. Za kuvundikila sananene.

Lolemba atapita ndinapukuta kabati m'mawa. Pofika masana kabokosi kanali katayela kale, fumbi likulowa m'timabowo tija ine ndikuona ndi maso anga. Kanthu kamene kanyamula ntchito ya mwana wanga. Ndinatenga ulusi wokhuthala wa majuzi umene unatsala m'dengu, wabuluu ndi wachikasu, n'kuluka kajuzi kokwana bwinobwino. Mkati ndinasokelela kansalu kuti fumbi lisapyole. Ndinangosiya bowo limodzi la waya. Kanaoneka bwino, sindinama.

Mavuto anayamba sabata yomweyo. M'mawa zonse zinkayenda. Koma ikakwana leveni koloko, malata akayamba kuthetheka ndi dzuwa, mavidiyo ankaima, masamba osatseguka, ana makumi awili kumangoyang'ana kagudumu kozungulila pa galasi mpaka kuyamba kugendana ndi mango osapsa. Aphunzitsi awo, a Nyendwa, ankabwela kudzaodila pabwalo kundiuza kuti kaimanso. M'nyumba sankalowa. Ine ndine mkazi wamasiye, iwo ndi mkulu wa mpingo, ndiye ankaima pafupi ndi mtondo n'kulankhula ali pomwepo. Kabokosiko sanakaonepo ndi maso.

Loweluka Tiwonge anabwela, anaitanitsa matabuleti onse, anakayesa dzuwa lili pamutu. Kanathamanga bwino mpaka madzulo. Sondo chimodzimodzi. Sabata yachiwili zomwezo, yachitatu zomwezo: pakati pa sabata kudwala, mwini wake akafika kuchila.

Apa ndinene za Loweluka langa. Ndimadzuka kusanache n'kuchapa zovundikila zonse za m'nyumba pamodzi ndi makatani. Sondo sindigwila ntchito. Ndimasita Lolemba m'mawa n'kubwezela chilichonse pamalo pake, Tiwonge atakwela kale motoka. Ndiye kajuzi kaja iye sanakaonepo, ndipo ine sindinaone chifukwa chokatchulila. Kodi munthu amauza mwana wake kuti wavundikila wailesi?

Mwana wanga ndi a Nyendwa anayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Tiwonge ankaganiza kuti aphunzitsi akusindikiza zolakwika pa matabuleti. A Nyendwa ankaganiza kuti kanthuko ndi chidole, ndipo Lachisanu lililonse ankakwela pachulu kutumiza uthenga ku bungwe kuti sabata inonso kavuta. Kenako anapeza mlandu wina. Tikutuluka m'chalichi, anthu akumva, anati vuto ndi batili, chifukwa amake Tiwonge amachaja mafoni a mudzi wonse ndiye kabokosi kamatsala ndi njala.

Ndinakwiya, koma ndinaganizanso kuti mwina n'zoona. Ndinabweza aliyense wobwela ndi foni. Ndinazimitsa wailesi, mababu ndinaleka kuyatsa. Anthu amene ndakhala nawo zaka makumi atatu anayamba kundipatsa moni wa pakhosi pamjigo. Batili inadzaza mpaka kanyale kake kobiliwila osazima tsiku lonse. Ikakwana leveni koloko, kagudumu kaja n'kuyamba kuzungulila monga kale.

Lachitatu la sabata yomaliza, kutatsala masiku awili, ndinamva odi pabwalo ndili kutsuka mbale.

"Amake Tiwonge, kaimanso," anatelo a Nyendwa. "Lachisanu alendo akandifunsa, ine sindinganame. Ndine mkulu wa mpingo."

"Palibe wakupemphani kuti muname, bambo."

"Ndangoti mudziwiletu."

Atachoka ndinakhala pampando, ndinaimilila, ndinakhalanso. Kenako ndinazula waya. Povula kajuzi ndinapeza kabokosi kakutentha ngati mbatata yootcha, ndipo ndinati eya, ndi matenda ake omwewo, thupi latentha. Kajuzi ndinakapinda n'kukaika m'chikwama, kabokosi ndinakakulunga m'chitenje, n'kupita pamseu kukaimitsa njinga yamoto ya ku Nyimba. Kumeneko kuli mlongo wanga Julio, amene amakonza mafoni pafupi ndi pamene azimai amagulitsila nthochi anthu a m'mabasi. Tiwonge sindinamuuze. Ndinkadziwa kuti akana.

Ndinafika fumbi lili mpaka m'nsidze. Julio anamasula chitenje n'kuseka.

"Asisi, ulendo wonsewu mwandibweletsela sopo?"

Ndinamuuza kuti asiye nthabwala, n'kumfotokozela mmene kamachitila. Sanandilole n'komwe kumaliza. Ati zimenezi amazidziwa, memoli yachepa. Ati memoli ili ngati thebulo logwililapo ntchito, ndipo ana makumi awili sangalembele pa kathebulo ka munthu mmodzi. Anafukula m'katoni ya zakufa, anatulutsa memoli yaitali ngati chipeso kuchokela m'laputopu yosweka, anaiuzila, anaipukuta pa malaya. Kenako anatsegula kabokosi. Anatembenuza kathabwa uku, anatembenuza uko. Polowetsa panalibe. Memoli imene anagwila inali yaitali kuposa kompyuta yonseyo.

Ati aa, waona, memoli ya aka ndi kanthu kakuda aka komatilila pa thabwa. Palibe vuto, akamatula ndi moto n'kumatapo ya m'foni, yaikulu. Anayatsa chida chake chouzila mpweya wamoto.

"Unachitapo zimenezi?" ndinamfunsa.

"Pa foni, kambili."

"Mafoniwo anadzuka?"

Anayamba kukamba za mvula, kuti chaka chino ichedwa. Ndinatambasula dzanja n'kuzimitsa chidacho pa khoma.

Ndiye anati tiyese china chosaopsa. Kunsi kwa thabwa kuli kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, kamene kamasunga mabuku onse ndi zonse zimene kabokosi kamadziwa. Ati mwina katopa. Anakasolola, anaikamo katsopano ka pa shelefu yake, analumikiza magetsi. Kanyale kofiila kanayaka, n'kungokhala choncho. China chilichonse ayi. Iye anakanda mutu, ati n'zoona, katsopanoka mulibe kanthu, nanga kadzuka ndi chiyani.

Ndinamuuza kuti abwezele kakale. Anayang'ana pathebulo. Nanenso ndinayang'ana. Panali timasikulu, timabatili totupa, makoko a nthochi, ndi timakhadi takuda toposa khumi ta mafoni a anthu, tonse tofanana. Julio anasiya kuseka. Miyezi itatu mwana wanga akukopela mabuku m'kakhadi kameneko ndi mabandulo a intaneti opempha kwa anzake.

Chimene chinatipulumutsa n'chakuti ndine mai wolongolola. Ndinakumbukila kuti tsiku loyamba lija ndinamva fungo la penti wa zikhadabo m'nyumba, ndipo ndinamkalipila Tiwonge kuti zimenezo azichita ku Petauke. Iye anandiyankha kuti akungoika chizindikilo pa kakhadi. Tinatembenuza kamodzikamodzi. Kachisanu ndi chiwili kanali ndi kadontho kofiila. Sindinalole Julio kukagwilanso. Ndinakamanga pa ngodya ya chitenje mfundo ziwili, mmene timamangila makobili a kuchigayo.

Pamenepo ndipo ndinaimbila Tiwonge. Anamvetsela osandidula, zimene sachita.

"Amalume akatsegula?"

"Atsegula. Koma moto sanafikitsepo."

Anandiyankha pang'onopang'ono, mau amodziamodzi.

"Kwelani basi mubwele nako kuno. Musapatsenso munthu wina aliyense, ngakhale abusa."

Julio anandigulila phava la nthochi, mwina pochita manyazi, n'kundikweza basi yochokela ku Lusaka. Njila yonse dzanja langa linali pa mfundo ija. Ndinafika ku Petauke dzuwa litapendeka, ndipo ndinampeza yekha m'kasitolo, mwini wake atapita. Moni sanandipatse. Anamasula mfundo ndi mano, anabwezela kakhadi, analumikiza kabokosi ku galasi la kompyuta ya m'sitolomo. Tinadikila. Malemba oyela anayamba kutsika pa galasi, ndipo iye anatulutsa mpweya umene ndikuganiza anaugwila kuyambila ndili ku Nyimba.

Anandiuza, maso ali pa galasi, kuti memoli ya kanthu aka sasintha, imabwela yomatilila kuchokela kofakitale, ndipo ya m'foni ngakhale itamatika kabokosi sikangaidziwe. Amalume akanakapha. Anatinso memoliyo siinachepe n'komwe, theka lake limangokhala.

Kenako anatsegula mndandanda wautali wa manambala. Ati Sondo lapitali, zitamuthela nzelu, anakauza kabokosi kuti kazilemba kokha mphindi zisanu zilizonse mmene magetsi akulowela, mmene katenthela, ndi liwilo limene kakuthamanga. Anayendetsa chala. Magetsi anali okwana masiku onse, m'mawa ndi masana.

"Batili yanu ilibe mlandu, amama."

Ndinamuuza kuti zimenezo akazinene pakhomo la chalichi, anthu akumva. Iye anapitiliza kuyendetsa chala. Anali atakwinya nkhope.

Anandionetsa mzele wa Sondo. Kutentha madigili 58, liwilo 1,500, tsiku lonse, matabuleti onse ali oyaka. Kenako Lolemba. Isanakwane seveni koloko m'mawa nambala ya kutentha inayamba kukwela, ana asanafike n'komwe. Pofika leveni inali pa 84, ndipo liwilo litagwa mpaka 600. Ati ndi mmene kanapangidwila: kakapyola madigili 80 kamadzichepetsela liwilo kokha kuti kasapse. Lachiwili zomwezo. Lachitatu zomwezo mpaka pamene ndinazula waya.

"Sondo kunatentha kuposa Lolemba," anatelo. "Nanga n'chiyani? Amama, Lolemba isanakwane seveni mumachita chiyani m'nyumba? Mumalowetsa mbaula?"

Ndinati mbaula imakhala kukhichini.

"Mumatseka windo? Dzuwa limafika pa kabati?"

Ndinati ayi.

Ndinali nditadziwa kale. Ndinadziwa atangotchula seveni koloko, nthawi imene ndimamaliza kusita. Kajuzi kanali m'chikwama pamiyendo panga, pansi pa nthochi, ndipo chikwamacho chinayamba kundilemela. Ndinaganiza za anthu onse amene ndinawabweza ndi mafoni awo, za a Nyendwa, za masabata atatu amene mwana wanga ankabwela kumudzi maso ali ofiila. Ndinayang'ana kalenda wa pakhoma ngati muli nkhani.

Tiwonge anatsamila mpando. Ati basi, thabwali lili ndi vuto lake mkati, limatentha lokha likafuna. Lina lingapezeke ku Lusaka, koma silingafike Lachisanu. Ati sakufuna kuchititsa anthu ulendo wa fumbi kuti adzaone kagudumu kozungulila. Aimbila a Febby, mai wa ku bungwe amene anayenela kudzakaona Lachisanu, kuwauza kuti asabwele. Akatha aimbila azakhali ake a Doris. Anatenga foni, anafufuza dzina, anaiika kukhutu. Ndinamva ikuitana.

Ndinachotsa nthochi, ndinatulutsa kajuzi, n'kukaika pamwamba pa makina a fotokope.

Anakayang'ana. Anandiyang'ana. Anadula foni. Anatenga kajuzi ndi zala ziwili, anakatembenuza, anaona kansalu ka mkati, anaona bowo la waya. Kenako anakaveka kabokosi, ndipo kanakwana ndendende, chifukwa ine ndikaluka ndimayeza. Tonse tinayang'ana nambala ya pa galasi. Inali pa 52. Inapita pa 55. Pa 59. Pa 63.

"Munasokelamo ndi nsalu mkati," anatelo.

"Fumbi."

"Amama."

"Unati ndisazimitse, ndisasunthe. Za kuvundikila sunanene."

"Ndipo lelo mwazimitsa, mwasuntha, mwakapeleka kwa amalume a Julio."

Anaika nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulila, ndipo sindinafunse. Ndinasenda nthochi n'kumuikila pafupi. Foni yake inaitana, anali a Febby kufunsa chimene amafuna. Anapukuta m'maso n'kuwauza kuti amangofuna kutsimikiza nthawi ya Lachisanu.

Koma ine nkhani ya fumbi sindinaisiye. Ndinamuuza kuti fumbilo si bodza, ndipo kuli mavu amene amamanga zisa za dothi m'bowo lililonse, kuli abuluzi, kuli nkhuku zimene zimakwela pa kabati ndikangotembenuka. Kanthu ka ntchito yake sikakhala maliseche m'nyumba mwanga. Iye anati chilichonse chimene ndiikepo chiyenela kulola mphepo kudutsa. Tinakangana mpaka kukafika kumene amagona.

M'mawa mwake ndinapita kumsika wa Petauke n'kugula sefa ya ufa, ya waya wosalala. Iye anapita kwa mnzake wina wa kukosi kukapempha kachitsulo ka mano ngati chipeso, komata pa ubongo wa kabokosi kuti kazimwaza kutentha. Titafika kumudzi anachotsa chivundikilo cha pulasitiki, anakweza kathabwa pa tizitsekelo tinai ta mabotolo kuti mphepo izidutsa kunsi, ine n'kuvundikila ndi sefa chafufumimba. Anasinthanso china mkati. Ati wakatsitsa liwilo yekha kufika pa 1,200, chifukwa ntchito yotumiza mabuku siifuna kuthamanga konse kuja, ndipo kakatelo kadya magetsi ochepa, katenthanso pang'ono. Ndinamfunsa chifukwa chake sanachite zimenezo poyamba. Ati poyamba sankadziwa kuti kazivala juzi mu Okutobala.

Lachisanu alendo anati afika naini koloko. Ndinasesa pabwalo kanai. Nthawi iliyonse ndikalowa m'nyumba maso ankagwela pa kabati, pa sefa ndi mawaya ali poyela ngati kukhichini, alendo a ku boma akubwela. Manja ankandiyabwa. Kajuzi ndinakaveka tipoti kuti ndisakaonenso kali bwino lomwe popanda ntchito. Teni inakwana, leveni, thwelofu. Ana anatopa pansi pa mango. A Nyendwa ankayang'ana wochi n'kumayang'ana ine. Motoka inafika wani koloko, nthawi imene ngakhale nkhuku zimayasamula pansi pa nkhokwe.

A Febby anali mai wamfupi wa nsapato zafulati, wosakonda mau ambili. Madzi analandila, mpando anakana. Anauza ana onse kuti atsegule vidiyo nthawi imodzi, n'kumayenda pakati pawo manja kumbuyo. Tiwonge anali ndi foni yake m'manja, ikumuonetsa kutentha kwa kabokosi, ndipo ine ndinaima kumbuyo kwake ngakhale anandiuza kawili kuti ndikumpumila m'khosi. Nambala inali pa 61. Inakwela pa 66. Pa 69. Malata akuthetheka. Inafika pa 71, inakhala, inatsika pa 70, inabwelela pa 71. Ola lathunthu linatha mau a aphunzitsi a m'vidiyo akumveka m'matabuleti makumi awili, ndipo palibe mwana anagenda mnzake.

Kenako a Febby anapempha kuona kanthuko. Analowa m'nyumba, anawelama, anasuzumila m'sefa. A Nyendwa anaima pakhomo, phazi limodzi pa sitepe. Maiyo anatulutsa kabuku n'kunena kuti zimene aona n'zabwino, koma ali ndi mauthenga atatu ochokela kwa aphunzitsi onena kuti kanthuka kamaima masana. Chinali chiyani?

Tiwonge anati kankatentha.

"Kankatentha chifukwa chiyani? Masukulu amene ndikuganiza ali ku Sandwe, kufupi ndi chigwa. Kumeneko kumatentha kuposa kuno. Ngati kamatentha kokha, sindingakatumize."

Tiwonge anayang'ana pansi. Ndinaona kuti akufunafuna mau oti asanditchule. A Nyendwa anakonza pakhosi n'kuyamba kufotokoza kuti vuto linali batili, koma amai ano atalangizidwa anasiya kuchaja mafoni.

"Si batili, bambo," ndinatelo. Ndinavula tipoti n'kupeleka kajuzi m'manja mwa a Febby. "Ndinkakaveka aka. Lolemba mpaka Lachisanu. Mwanayu sankadziwa."

A Febby anakatembenuza monga anachitila Tiwonge, anapisa chala m'bowo la waya. Anayesa kudzigwila koma zinakanika, anaseka mpaka kutsamila kabati, ine n'kugwila sefa kuti isagwe. Ati amai awo ku Sasare anaphelapo dikoda ya TV mwa njila yomweyi, ndipo mpaka lelo amati inali yabodza. Anafunsa kuti nzelu ya sefa ndi ya ndani. Tiwonge anandiloza ndi chibwano. Maiyo analemba m'kabuku kwa nthawi ndithu. Ati pa sukulu iliyonse pali munthu waukhondo ngati ine amene adzafuna kukavundikila, ndiye kabokosi kalikonse kazipita ndi sefa yake ndi pepala lonena chifukwa.

A Nyendwa phazi lija analitsitsa pa sitepe.

Anamlemba ntchito. Masukulu anai a ku Sandwe, kuyamba sabata yotsatila, mvula isanatseke miseu. Ndinakwela pachulu madzulo omwewo kuimbila Doris kuti afune munthu wina womlelela ana. Anayamba kudandaula, ine ndinati netiweki ikuvuta.

Chimene sindinaganizile n'chakuti ku Sandwe, mvula ikayamba, n'kovuta kuchokako kuposa ku Lusaka. Tiwonge tsopano amabwela kamodzi pamwezi, nthawi zina osabwela, atada ndi dzuwa, msana ukuwawa ndi njinga yamoto. Akandiimbila amakamba za mapanelo a sola ndi mawati, ine ndimamfunsa ngati wadya. Masefa anai ndinakamgulila ndekha ku Nyimba, ndipo Julio atandiona nawo anafunsa ngati ndatsegula chigayo.

Mafoni a anthu ndinayambanso kuchaja. A Nyendwa sanapepese, koma sabata yatha anatumiza yawo ndi akazi awo. Ndinaichaja pomalizila, itatha ya aliyense.

Kabokosi kali pa kabati pomwe paja. M'mawa uliwonse ndimachotsa sefa, ndimaikung'untha panja, ndimapemelela kathabwa ndi chivundikilo cha poto, n'kubwezela. Pofika masana fumbi limakhala litayela kale pa waya wa sefa. Ndimadutsa ndikuyang'ana kumbali.